Chamba chaloledwa, koma chiphaso chili m'manja mwa yani?

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa atsogoleri a mgwirizano wathu anayankhula pa msonkhano wa makalabu a alimi ku Lifupa m'boma la Kasungu. Tawasindikiza monga anayankhulira kuti mamembala amene sanafike awerenge ndi kukambirana m'makalabu mwawo.

 

Ndapemphedwa kuti ndiyankhule za chamba. Ndikuona kumbuyoko ena mwayamba kale kuseka, ndipo sindikukudzudzulani. Ngakhale ku Nyumba ya Malamulo anaseka pamene a Boniface Kadzamira, phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anadzutsa nkhaniyi mu 2015. Koma patangopita zaka 5, mu Febuluwale 2020, nyumba yomweyo inavomereza lamulo lolola kulima chamba, ndipo boma linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso. Mu Epulo 2021, potsegulira msika wa fodya, a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, ananena poyera kuti malonda a fodya akupita kokatha, ndipo anatchula chamba ngati imodzi mwa mbewu zimene tingatembenukireko. Mu 2023 dziko lathu linalowa nawo m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse lochepetsa kusuta fodya. Kuseka kunatha. Nkhaniyi tsopano ikukhudza mphika wa aliyense amene wakhala pano.

Ndiyambe ndi kulongosola chimene lamulo la 2020 linalola, chifukwa pamenepa pali chisokonezo chachikulu m'midzi. Lamuloli silinalole kusuta. Munthu akapezeka ndi chamba m'thumba, kapena ali ndi mitengo iwiri kuseri kwa bafa popanda chiphaso, lamulo la mankhwala oopsa limugwira monga linkagwirira kale. Chimene chinaloledwa ndi kulima, kukonza ndi kugulitsa chamba cha mitundu iwiri pansi pa chiphaso. Mtundu woyamba ndi wa mankhwala a kuchipatala. Wachiwiri ndi wa m'mafakitale, umene Azungu amati hemp. Mu chamba muli mankhwala ena otchedwa THC, amene ndiwo amazunguza mutu. Chamba cha m'mafakitale chimayenera kukhala ndi THC wosapyola 1 peresenti. Chimenechi ungachisute munda wonse, ungotsokomola basi.

Mu Malichi 2024 aphungu anavomerezanso bilu imene anabweretsa a Peter Dimba, yofuna kuti chamba chathu chakonkuno nachonso chizilimidwa mwa lamulo. Ambiri munamva pawailesi, ndipo ena munasangalala. Koma ndikupempheni, alimi anzanga: zimene zanenedwa pawailesi si chiphaso. Musafese njere ngakhale imodzi musanaone pepala la bungwe loyang'anira chamba, lolembedwa dzina la kopaletivi yanu ndi mtundu wa mbewu imene mwaloledwa.

Ubwino wa mbewuyi ulipo, ndipo sindiubisa. Njere zake zimatulutsa mafuta odyedwa ndi opangira zodzola, ndipo zotsalira pofinya mafutawo ndi chakudya chabwino cha ziweto. Khungwa lake limapereka luzi lolimba lopangira zingwe, matumba, nsalu ndi mapepala. Mtima wa phesi lake amausakaniza ndi laimu n'kumangira makoma. Maluwa ake ndiwo amapangira mankhwala, ndipo maiko ena amawagwiritsa ntchito pothandiza ana odwala khunyu yovuta ndi odwala khansa amene akuvutika ndi mseru. Mu Disembala 2020 bungwe la United Nations linachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa aja amene amati alibe phindu kuchipatala. Kuyesa mbewuyi kunachitika konkuno pa Chitedze kuyambira mu 2015, ndipo kunaonetsa kuti ikhoza kukula pa nthaka yathu.

Palinso ubwino wina umene ife a kuno tiyenera kuumva kuposa wina aliyense. Chamba sichifuna mulu wa nkhuni monga kampopi. Takhala pano pafupi ndi nkhalango ya Kasungu. Mitengo ya zigafa ndi nkhuni za mabani timazipeza kuti? Sindikufuna yankho, poti mafumu ali pompano, koma tonse tikudziwa. Mbewu imene ingatipatse ndalama osatitumiza kukazembera alonda a nkhalango ndi mbewu yoyenera kuiganizira mofatsa.

Tsono vuto lili pati? Kuti ndiliyankhe, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa ife a ku Kasungu tinaionapo kale nkhani yofanana ndi imeneyi.

Achikulire muli panowa mukukumbukira kuti burley sanali mbewu ya mlimi wamng'ono. Lamulo la mbewu zapadera la 1963 ndilo linagwiritsidwa ntchito kutsekera mlimi wa pa malo a makolo kunja, ndipo burley ndi kampopi zinakhala mbewu za eni maesiteti. Palibe amene ankati burley ndi woletsedwa m'Malawi. Anali wololedwa, ankabweretsa ndalama zakunja, ankamanga nyumba zamalata. Koma chiphaso chinali cha mabwana. Mlimi wamng'ono ankalima chikopa n'kugulitsa ku ADMARC pa mtengo umene ADMARC yafuna, apo ayi ankasamukira pa esiteti kukakhala tenanti. Bambo anga anali tenanti. Ankalima burley wabwino kuposa amene ine ndimalima lero, koma sanapondeko pa okushoni ngakhale tsiku limodzi. Chaka chikatha, bwana ankachotsa mtengo wa chimanga, mchere, khasu ndi feteleza, ndipo chotsala sichinkakwana kugula bulangete la ana. Mpaka mu 1990 ndi pamene boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima burley kudzera m'makalabu. Zaka pafupifupi 30 tinali kunja kwa mpanda, tikulimira ena.

Tsopano tamverani mitengo ya ziphaso za chamba imene inalengezedwa kumapeto kwa 2020. Chiphaso cholimira chamba cha mankhwala, madola 10,000 a ku America. Chiphaso cholimira cha m'mafakitale, madola 2,000. Ndipo chiphasocho ndi cha chaka chimodzi. Taonaninso kuti mitengoyo inaikidwa m'madola, pamene ife timagulitsa mtedza ndi soya m'makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Madola 10,000 amene mu 2020 anali ndalama zosafika K8 miliyoni anasanduka ndalama zoposa K17 miliyoni pa mtengo wa kubanki, munthu asanagule mbewu, asanamange mpanda, asanalembe mlonda. Ndani pano amene angakweze dzanja kuti ndalama zimenezo ali nazo?

Palibe. Ndiye mukuona chimene ndikutanthauza. Lamulo la 2020 silikunena kuti mlimi wamng'ono asalime chamba. Silikusowa kunena. Mtengo wa chiphaso ukugwira ntchito imene lamulo la 1963 linkagwira.

Boma linati alimi ang'onoang'ono alowe kudzera m'makopaletivi, ndipo ganizo limeneli palokha si loipa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Alimi ambiri m'zigawo zonse anamvera. Anasonkha ndalama, ena atagulitsa ng'ombe, ena atakongola ku banki m'khonde, ena atatenga za penshoni. Analipira ziphaso, analipira maphunziro, anagula mbewu yochokera kunja yodula kwambiri, ena anamanga ndi nyumba za pulasitiki zolimiramo. Anthu ena ovala masuti anawalonjeza kuti zokolola zonse adzagula m'madola. Inali nthawi yomwe ija, mu Novembala 2021, pamene unduna wa zaulimi unalembera Mike Tyson, katswiri wa nkhonya wa ku America, kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Pofika mu 2022 nyuzipepala zinali zitadzaza ndi madandaulo a makopaletivi amene anakolola koma wogula osaoneka. Katundu anakhala m'nyumba zosungiramo, ngongole zikubereka.

Apa pali kusiyana kumodzi pakati pa chamba ndi mbewu zina zonse zimene timalima, ndipo ndikufuna amayi mumvetsetse chifukwa ndinu amene mumatsala ndi ana anjala zinthu zikasokonekera. Chimanga chikasowa msika, timadya. Mtedza ukasowa msika, timasinja nsinjiro. Fodya akabwezedwa ku Chinkhoma, timamusankhanso n'kumubwezera pamsika, ngakhale mtima ukuwawa. Koma chamba chikasowa wogula amene ali ndi chiphaso, sungadye, sungapite nacho pa msika wa pa boma, sungagulitse kwa venda. Ukayesa kutero wapalamula mlandu. Chamba chilibe okushoni. Choncho wogula ali ndi mphamvu zoposa zimene makampani a fodya ali nazo pa ife, ndipo inu mukudziwa mmene makampani a fodya amatifinyira ngakhale okushoni ilipo.

Wina anganene kuti izi zinachitika chifukwa ndi kuno ku Malawi. Ayi. Ku Kentucky m'dziko la America, kumene kuli kuchimake kwa burley yemweyu timalimayu, alimi anzathu a fodya anathamangira chamba cha m'mafakitale boma lawo litachiloleza mu 2018. Mu 2019 anadzala ambiri nthawi imodzi, katundu anachuluka kuposa ogula, mtengo unagwa pansi, ndipo makampani ena amene anasainirana nawo makontirakiti anagwa asanawalipire. Amenewo ndi alimi okhala ndi mathirakitala, inshulansi ndi maloya. Ife tikukumbukira 2011, pamene tinalima fodya wambiri ndipo mitengo inatigwetsa misozi. Msika wa chamba umachitanso chimodzimodzi, kungoti umagwa mwamsanga kuposa wa fodya.

Ndipo sitili tokha pa mpikisano. Lesotho inayamba kupereka ziphaso mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndipo anzathu a ku Zambia tsidya linali anakhazikitsa malamulo awo mu 2021. Tonse tikuloza ogula omwewo a ku Ulaya, amene safuna duwa louma pa mphasa. Amafuna lolimidwa mwa ndondomeko yolembedwa tsiku ndi tsiku, loyezedwa ku labotale kuti mulibe nkhungu, mankhwala ophera tizilombo kapena zitsulo za m'nthaka.

Kumunda nakonso kuli misampha yake, ndipo alangizi athu adzandikonza ngati ndalakwitsa. Mbewu zambiri za chamba cha m'mafakitale zinakonzedwera maiko ozizira kumene dzuwa limakhala nthawi yaitali m'chilimwe chawo. Kuno usana ndi usiku zimatalika pafupifupi mofanana chaka chonse, ndiye mbewu zoterezi zimafulumira kuchita maluwa zisanakule, ndipo mlimi amakolola timitengo tofika m'mawondo. Chachiwiri, chamba chili ndi chachimuna ndi chachikazi. Wolima cha mankhwala amafuna chachikazi chokha chimene sichinalandire mungu. Mungu umayenda ndi mphepo mtunda wautali, ndipo ngati wina kutsidya kwa dambo ali ndi kamunda kake kobisa, akhoza kukuonongerani zokolola iye osadziwa. Chachitatu, kutentha, kuchedwa kukolola kapena mbewu yosakanizika zikhoza kukweza THC kupyola 1 peresenti ija. Zikatero munda wanu wololedwa uja wasanduka wosaloledwa. Funso ndi lakuti: amene adzayeze ndani? Ngati woyeza ndi wogula yemweyo, ndiye kuti tabwerera ku nkhani ija ya sikelo ya venda.

Tsopano ndifike pa nkhawa ya mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, imene ine ngati kholo ndili nayonso. Chamba chosuta chimaononga ana. Izi si nthano za kutchalitchi. Madokotala amanena kuti mwana woyamba kusuta ali wamng'ono, n'kumasuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu, ali pa chiopsezo chachikulu chodwala matenda a maganizo. Aliyense pano akudziwa banja limene linaperekezapo mnyamata ku chipatala cha amisala ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu, ndipo ena mwa iwo anayambira pa ndudu ya kuseri kwa sukulu. Ana athu akamva kuti "chamba chaloledwa" sawerenga ndime za lamulo. Amangomva mawu awiri amenewo. Dziko la Thailand linamasula chamba mu 2022, masitolo ogulitsa anamera paliponse, ndipo mu 2025 boma linabwerera m'mbuyo n'kulamula kuti wogula azikhala ndi kalata ya dokotala. Walira mvula walira matope. Ngati kopaletivi ya kuno idzalime chamba cha mankhwala, funso loti ndani akulowa m'mundamo lidzakhala la mudzi wonse. Ndipo mwana asadzapezeke akugwira ntchito m'munda wotero. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2019 America inatsekera fodya wathu pa madoko ake kaamba ka nkhani ya kugwiritsa ntchito ana ndi matenanti. Ogula mankhwala sadzatipatsa mpata wachiwiri.

Koma ndinenenso mbali inayo, chifukwa choona ndi choona. Kuletsa sikunathetse chamba m'Malawi. Chakhala chikulimidwa m'mapiri a Nkhotakota ndi Mzimba, oyandikana nafe, kwa mibadwo. Dziko lonse lapansi limadziwa dzina lakuti Malawi Gold, mwina kuposa mmene limadziwira tiyi wa ku Thyolo. Amene amapindula ndi eni magalimoto odutsa nacho usiku kupita kunja. Wolima amalandira nyenyeswa, ndipo akagwidwa ndi iye amene amakagona kundende. Mu 2022 dziko lonse linakwiya mnyamata wina wa ku Blantyre atagamulidwa zaka 8 chifukwa cha chamba, pamene bwana wa kampani ina yaikulu amene anapezeka nacho m'chaka chomwecho anangolipira faindi n'kubwerera kunyumba. Taganizirani mmene ziliri tsopano: kampani yochokera kunja ikulima chamba mkati mwa mpanda mwaulemu wonse, pamene M'malawi amene agogo ake anasunga mbewuyi akuthamangitsidwa m'thengo. Ine sindikuikira kumbuyo wophwanya lamulo. Ndikungofunsa kuti lamuloli linalembedwera yani.

Dziko la Morocco linayenda njira ina, ndipo ndikufuna aphungu athu aiphunzire. Pamene linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu 2021, linayambira m'maboma atatu a m'mapiri a Rif kumene alimi ang'onoang'ono ankachilima kale mobisa. Chiphaso cholimira chimaperekedwa kwa mlimi wa komweko amene ali m'kopaletivi, ndipo kopaletiviyo imayenera kukhala ndi mgwirizano ndi kampani yogula. Kampani imakonza ndi kugulitsa kunja, koma munda ndi wa mlimi. Mu Ogasiti 2024 mfumu ya dzikolo inakhululukira alimi oposa 4,800 amene anali ndi milandu yolima chamba kuti alowe mu ulimi wololedwa. Kumenekonso mavuto a msika alipo, sindikuti ndi kumwamba. Koma iwo anayamba ndi kufunsa kuti mlimi wamng'ono aima pati, pamene ife tinayamba ndi kufunsa kuti boma lipeza madola angati.

Ndiye mgwirizano wathu unene chiyani ku boma? Maganizo anga ndi awa, ndipo muwakonze pokambirana. Chiphaso cha kopaletivi ya alimi ang'onoang'ono chikhale m'makwacha, ndipo mtengo wake utsate kukula kwa munda. Si chilungamo kuti kalabu ya maekala 5 ilipire mofanana ndi kampani ya maekala 500. Kampani iliyonse yofuna kulimitsa alimi isaloledwe kutolera ngakhale tambala kwa mlimi isanasonyeze ku bungwe loyang'anira chamba kumene ikagulitse, ndipo isungitse ndalama za chikole kubanki zoti alimi adzalipidwe nazo ikathawa. Mfundo imeneyi ndi imene ndikuiona yaikulu kuposa zonse, chifukwa ikanakhalapo mu 2021 mabanja ambiri akanakhala ndi ng'ombe zawo lero. Kuyeza THC kuchitike ndi a boma kapena ena osagwirizana ndi wogula, mlimi ali pomwepo. Mbewu ichokere ku kafukufuku wa konkuno, alangizi aphunzitsidwe, ndipo dzina la Malawi Gold pamodzi ndi mbewu yake zitetezedwe zisanalembetsedwe ndi anthu akunja ngati zawo. Pomaliza, pa tebulo pamene pakupangidwa malamulo amenewa pakhale mpando wa mlimi wamng'ono wosankhidwa ndi alimi anzake.

Kufikira zimenezi zitachitika, langizo langa kwa membala aliyense ndi lakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musagumule munda wa chimanga, mtedza kapena soya chifukwa cha mbewu imene simunamuone wogula wake. Munthu akabwera m'mudzi ndi galimoto yonyezimira n'kumati sonkhani ndalama ya chiphaso, mufunseni zinthu zitatu: aonetse chiphaso chake, aonetse kontirakiti yolembedwa mtengo pa kilogalamu ndi tsiku lolipira, ndipo atchule kopaletivi imodzi imene anaigula kale katundu n'kuilipira, kuti titume anthu akaione ndi maso. Akakwiya ndi mafunso amenewa, mwapulumuka. Kontirakitiyo musasainire pansi pa mtengo tsiku lomwelo. Bweretsani ku ofesi ya mgwirizano tiiwerengere limodzi, chifukwa zambiri zimalembedwa m'Chingerezi cha maloya.

Kwa makalabu amene akufunitsitsa kuyesa, ndingati yambani ndi chamba cha m'mafakitale cha njere, pa kamunda kamodzi ka gulu, ndi ndalama zimene zikatayika palibe mwana amene asiye sukulu. Lembani zonse: tsiku lofesa, ndalama zimene zalowa, makilogalamu amene atuluka, ndi mtengo umene mwalandira m'manja, osati umene munalonjezedwa. Chaka chamawa mudzatiwerengere pa msonkhano ngati uno.

A tcheyamani, ndapempha alembi kuti mfundo zopita ku boma zija azilembe pa pepala lalikulu. Kalabu iliyonse itenge kope, ikakambirane, ndipo mayankho afike ku ofesi mwezi uno usanathe kuti kalata yathu ipite kwa aphungu a boma lino ndi ku komiti ya zaulimi ya Nyumba ya Malamulo. Ndaona a gulupu akweza dzanja kwa nthawi yaitali, ndiye ndikhale pansi.